Mzere wa Makala Panthiti Panga

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene mukuwerenga muli bwino, ndi inunso amene mukuwerenga mutagona pamphasa. Ine ndine amake Eliya, wa kuno kwa Mwambo, mlimi wa mpunga ku sikimu ya Likangala kuyambira ndili mtsikana. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinadwala mashingozi, abale anga n'kundilanda mwana wa kubere, ndi mmene Mulungu anandibwezera mwanayo kudzera pa khomo limene ine sindikanapondapo ngakhale mukanandikoka ndi chingwe.

Zinali zaka zomalizira za chipani chimodzi. Amene munalipo mukukumbukira kuti masiku amenewo munthu usanayankhule unkayamba wacheuka. Ngakhale pachitsime mawu ankatuluka theka, theka linalo n'kumeza, chifukwa sunkadziwa kuti mnzako amene akukusenza ndowayo akauza ndani dzuwa lisanalowe. Pa mantha akalewo panadzabwera ena, a matenda atsopano amene wailesi inkati Edzi. Ife sitinkawatchula dzina, tinkangoti "zomwezi." Aliyense m'mudzi anasanduka dokotala. Munthu ukangotsokomola kapena kuonda pang'ono, amayi a pamtondo amakhala atakupima kale n'kukuuzira tsiku la maliro. Ndipo chizindikiro chimene anthu ankachikhulupirira kuposa zonse chinali mashingozi.

Nthawi imeneyo Eliya, mwana wanga woyamba, anali asanayambe kukwawa. Amuna anga a Lameki anali msodzi. Ankatha masabata ali ku zimbowera, tizisakasa timene asodzi amamanga pa udzu woyandama pakati pa nyanja ya Chilwa, kupha matemba. Ntchito yonse ya kupuloti inali yanga. Ndinabwerera m'matope thupi lisanakhwime, kuwokera mpunga mwana ali kumsana, malungo atangondisiya kumene, chakudya m'nyumba chili cha apo ndi apo.

Puloti yoyandikana ndi yanga inali ya Abiti Jafali, mayi wachisilamu, mkazi wa Che Musa wogulitsa nsomba zouma. Naye anali ndi khanda, mwana wamkazi dzina lake Asiyatu. Chaka chimenecho kunachita ng'amba mpunga titangowokera, ndipo madzi a m'ngalande tinkalandirana. M'mawa wina ndinapeza puloti yanga itang'ambika ndi kuuma, ngalande itatsekedwa ndi matope, madzi onse akuthamangira kwa Abiti. Ine sindisunga mawu m'mimba. Ndinawalalatira anthu akumva, mpaka ena anasiya makasu kudzaonerera. Abiti anangondiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupitiriza ntchito yawo. Kuyang'ana kumeneko sikunandisangalatse, ndipo ndinakusunga mumtima.

Sipanapite nthawi, ndinayamba kumva kutentha kunthiti ya kumanja, ngati munthu wandikanikiza ndi chikuni cha moto. Kenaka panatuluka matuza, ondondozana kuchokera kumsana kutsata nthiti. Ndinawadziwa. Ndinayesa kubisa, koma kwathu kuno simungabise chinthu kwa amayi aakulu. Amayi anga ondibereka anali atamwalira kale, ndiye pakhomo ankalamula ndi achemwali awo, amene ife timawatcha amayi aakulu. Anandipeza kubafa ndikulephera kudzithira madzi. Anangoti, "Mayo ine!" Pofika madzulo nkhani inali itafika mpaka kumsika.

Chigamulo chawo chinali pawiri. Choyamba, anati mkaka wanga waola, mwana akapitiriza kuyamwa ndimupha ndekha. Chachiwiri, anati matuzawa amayenda mozungulira thupi ngati lamba, ndipo tsiku limene mbali ziwirizo zidzakumane, ine kwanga kwatha. Anandichotsera Eliya m'manja akulira, ine ndikulira. Anandisamutsira m'khitchini, kanyumba ka kuseri, n'kundipatsa mbale yanga ndi kapu yangayanga. M'mawa uliwonse amayi aakulu ankabwera ndi khala, n'kulemba mzere pakhungu langa pamene matuza afika, kuti aone ngati ayenda. Ankalemba atatambasula mkono, nkhope atayang'ana kumbali. Ndipo m'masiku oyambawo, mzere wa lero unkapitiriradi wa dzulo.

Anafunanso kundimanga mabere ndi chitenje kuti mkaka uume msanga. Nsalu itangokhudza matuza aja ndinakuwa moti nkhuku zinabalalika pabwalo, iwo n'kuleka. Tsiku limenelo ndinkaona ngati ululuwo ndi chilango. Lero ndimadziwa kuti ululu umenewo ndi umene unasunga mkaka wanga. Mabere ankatupa, ine n'kumapita kuseri kwa khitchini kukafinyira pansi, nyerere n'kumadzaza pamenepo. Pomwepo ndinkamva mwana wanga akulira njala m'nyumba yaikulu.

Ankamupatsa phala la madzimadzi ndi madzi a shuga. Anayamba kutsegula m'mimba. Liwombo linalowa, maso analowa, ndipo kulira kwake kunachepa mphamvu tsiku ndi tsiku mpaka kumamveka ngati ka mwana wa mphaka. Ndinkamuona kudzera m'ming'alu ya chitseko. Abale anga, ndawawa zambiri pa moyo wanga, koma kumva mwana wako akuzimiririka iwe uli ndi mkaka wodzaza pachifuwa, zimenezo sindimfunira ngakhale mdani.

A Lameki atamva uthenga anabwera kuchokera kunyanja, ndipo abale anga anawalandira ngati mbava. Kwathu kuno mwamuna amadzakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini pa nkhani zotere alibe pakamwa. Amayi aakulu anawafunsa pagulu kuti ku zimbowerako abwerako ndi matemba okha kapena ndi zina. Anawaletsa kuyandikira khitchini mpaka ankhoswe adzakhale pansi. A Lameki anangoti zyoli. Ndipo ndisakubisireni, inenso ndinkawakayikira. Ndani sadziwa za amayi ogula nsomba amene amatsatira asodzi ndi mabwato? Mutu wanga unkangopita uku ndi uku. M'mawa ndinkati ndi a Lameki andibweretsera. Masana ndinkakumbukira maso a Abiti Jafali pa ngalande paja, n'kumati ayi, andiponyera ndi amenewa.

Amayi a kumpingo kwathu anabwera kudzandiona. Anaima panja, patalipatali, n'kuyimba nyimbo imodzi mothamanga ngati akuthawa mvula. Palibe amene anakhala pansi. Ndinawaona akusuzumira kuti aone ngati ndayamba kuonda, ndipo ndinadziwa kuti zimene aonazo ndiye ndiwo zawo za madzulo. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ena mwa iwo ndinawachezera matenda ine, kuwachapira ndi zovala zomwe. Atapita ndinagwada, dzanja limodzi nditalikweza kuti lisakhudze nthiti, n'kupemphera pemphero lalifupi. Sindinapemphe moyo wanga. Ndinati, "Ambuye, ngati ndi ulendo, ine ndipite. Koma mwanayu asanditsogolere."

Patapita masiku pang'ono ndinazindikira chinthu chachilendo. Kunkafika nthawi pakhomo pamangoti zii, kulira kwa Eliya osamveka. Nditasuzumira ndinaona a Lameki akubereka mwana ndi chitenje changa, ngati mzimayi, n'kulowera njira ya kusikimu. Ankatero m'mawa, ankateronso masana, mwinanso dzuwa likupendeka. Anawauza amayi aakulu kuti akukamuyendetsa kuti atonthole. Anthu ankawaseka, koma popeza onse anali atatopa ndi kulira kuja, anawaleka. Ine ndinadabwa. Mwana wa njala satonthola ndi mphepo. Nanga akabwerako amagona tulo chifukwa chiyani? Akumumwetsa chiyani?

Yankho linabwera ndi mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga, mayi amene nkhani ikamugonera m'mimba amadwala. Anaima pachitseko n'kunong'ona. "Mukudziwa kumene amapita amuna anuwa ndi mwanayu? Kwa Abiti Jafali. Anthu awaona akulowa kumpanda. Ndipo akuti Che Musa ali ku Zomba ndi nsomba."

Pamenepo zokayika zanga ziwiri zija zinamangana mfundo imodzi. Ndinati, ohoo, ndiye kuti ndi zimenezo. Madzi anandilanda, mwamuna andilanda, matenda andiponyera, tsopano akufuna ndi mwana yemwe. Ukali unandipatsa mphamvu zimene phala linalephera kundipatsa. Tsiku lotsatira a Lameki atangonyamuka, ndinadzikulunga chitenje momasula, ndinatola ndodo, n'kuzemba kuseri kwa nkhokwe. Ndodoyo sindikudziwa ngati inali yoyendera kapena yomenyera munthu. Ndinayenda m'mizere ya chimanga kuti anthu asandione, thukuta likulowa m'zilonda, uku ndikusanja mawu amene ndikawauze.

Nditafika, choyamba kuona chinali a Lameki atakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda. Pambali pawo panali Che Musa, amene ankati ali ku Zomba aja, akusoka thumba la nsomba. Sindinawapatse moni. Ndinalunjika pakhomo la mpanda n'kusuzumira. Abiti Jafali anali pamkeka, Asiyatu atagona pambali pawo. Pabere pawo panali Eliya wanga, akuyamwa mpaka kumveka kumeza kwake, kadzanja katagwira nsonga ya mpango wawo.

Mawu onse amene ndinasanja aja anathawa. Abiti anadzutsa mutu.

"Lowani, amake Eliya. Ndodoyo isiyeni pakhomopo, kuno kulibe galu."

"Mukumutani mwana wanga?"

"Mmene mukuoneramu. Akudya."

Ndinakhala pansi pafumbi. A Lameki anabwera n'kunjuta chapatali, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni kunyanja ndinamva mawu awo. Anati anayenda kwa amayi onse oyamwitsa a pachibale pathu ndi a kumpingo, kupempha kuti wina amuyamwitseko mwana. Onse anakana, kuopa kuti mwanayo ali nazo kale. Atasowa kolowera anakagwada kwa Che Musa, amene ankagula matemba awo. Sanandiuze chifukwa anali oletsedwa kundiyandikira, komanso ankandidziwa bwino. Ankadziwa kuti ndikamva dzina la Abiti ndikana, ndipo amayi aakulu akamva atseka njira.

Che Musa anawonjezera ali kunja kwa mpanda. Anati pa chipembedzo chawo nkhaniyi si yamasewera. Mwana amene wayamwa bere la mkazi wako mpaka kukhuta amasanduka mwana wa m'nyumbamo, ndipo Eliya ndi Asiyatu tsopano ndi munthu ndi mlongo wake mpaka imfa. Anati anamuuza mkazi wawo kuti aganize bwino, poti berelo ndi lake, koma iye anali atatambasula kale manja.

Ine ndinayang'ana Abiti, ndikufunafuna pamene pali msampha. Munthu amene ndinamulalatira pagulu angandichitire zimenezi ulere? Iwo anaona nkhope yanga n'kuseka.

"Musandiyang'ane choncho. Za madzi zija sizinathe ayi, tidzakangana mukachira. Koma mwanayu sanatseke ngalande ya munthu."

Kenaka anakweza bulauzi yawo mbali imodzi. Panthiti pawo panali zipsera zakuda, zondondozana kuchokera kumsana, ndendende pamene panali matuza anga. Anati anadwala ali mtsikana, chaka chimene bambo awo anamwalira, kalekale anthu asanamve n'komwe za matenda atsopanowa. "Ndafa ine? Mawa tipite kuchipatala, mukamve nokha."

M'mawa mwake Che Musa anamasula dengu la nsomba panjinga yawo n'kubwereka a Lameki kuti anditenge. Abiti anakwera njinga ya mchimwene wawo, ana awiri onse ali nawo, wina kumsana wina kutsogolo. Panjira anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anatiimitsa kufuna makadi a chipanicho. Ataona matuza anga anabwerera m'mbuyo okha, n'kutikodola kuti tidutse msanga. Chaka chonsecho, phindu la mashingozi limene ndinaliona ndi limenelo.

Kuchipatala tinapeza namwino wamfupi, wolankhula ngati akukalipa ngakhale pamene sakukalipa. Atavundukula chitenje anaona mizere ya makala ija n'kufunsa kuti ndani akuphunzira kulemba pathupi panga. Nditafotokoza anapukusa mutu. Anati mashingozi amatsata mtsempha umodzi wa mbali imodzi ya thupi, ndipo akafika pakati amaima, sazungulira. Anandifunsa ngati ndinadwalapo katsabola ndili mwana. Ndinavomera. Anati kachilombo kake ndi komweko, sikachoka m'thupi, kamangogona, n'kudzadzuka thupi likafooka ndi kubereka, malungo, njala, nkhawa kapena matenda ena. Anatinso kali pachibale ndi kamene kamatulutsa tizilonda ta pamilomo munthu akadwala malungo.

Ndinamufunsa mosazungulira ngati ndili ndi zomwezi. Sanandinamize. Anati ena amene akubwera ndi mashingozi masiku amenewo ali nazodi, ena alibe, ndipo palibe munthu angadziwe ndi maso, kaya ndi iye kaya ndi amayi aakulu anga. Koma anati chimene akuchiona ndi maso n'chakuti mwanayu kutsegula m'mimba kumutenga msanga akapanda kubwerera kubere. Anandipatsa mapilitsi a ululu ndi mankhwala opaka. Nditafunsa za jakisoni wophera kachilomboko, anati alibe.

Mtima wanga wokayika uja unadzukanso. Ndinati mumtima, awa akungonditonthoza chifukwa mankhwala enieni asungira anthu a maina. Zikuoneka kuti nkhope yanga inandiulula, chifukwa anandigwira phewa n'kunditembenuza, n'kuuza Abiti kuti andiuze zimene akuona kumsana. Abiti anati matuza oyambirira aja auma, achita nkhanambo.

"Wawaumitsa ndani?" anafunsa namwinoyo. "Makalawa? Amayi, mankhwala mukupanga nokha. Mulungu anaika m'thupi mwa munthu tinthu ting'onoting'ono tolimbana ndi tizilombo. Tili pakhungu, tili m'malovu, tili m'misozi, tilinso mumkaka. Inu mwakhala mukuthira pansi mankhwala a mwana wanu."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinakumbukira nyerere zija kuseri kwa khitchini, n'kuyamba kulira. Iye anapima mabere n'kupeza kuti matuza sanafikepo. Anandiuza kuti ndiziphimba zilonda ndi nsalu yoyera, ndizisamba m'manja, ndipo ndiyamwitse pompo iye akuona.

Tinakhala pakhonde la chipatala. Abiti anandipatsira Eliya, wopepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinamuika kubere. Anatembenuza mutu. Ndinayesanso, iye n'kulira, akutambasulira manja kwa Abiti. Mwana wanga anali atandiiwala. Ululu wa mashingozi unali wochepa poyerekeza ndi umenewo, ndipo ndinanena mokweza anthu akumva kuti, "Ambuye, mwandifikitsa pano kuti mundichititse manyazi?" Abiti anavula mpango wa kumutu kwawo, chinthu chimene mayi wachisilamu sachita pagulu, n'kuuyala paphewa panga, iwo n'kubisala kumbuyo kwanga. Eliya ananunkhiza mpango uja, anagwira nsonga yake monga anazolowerera, anafunafuna ndi kamwa, n'kugwira bere. Ndinamva mkaka ukutsika. Misozi yanga inkagwera pamutu pake, ndipo namwino uja podutsa anati ndisapukute, nayonso ndi mankhwala.

Titabwerera kumudzi ndinakalowa m'nyumba yanga, osati m'khitchini. M'mawa amayi aakulu anabwera ndi khala lawo, n'kundipeza ndikuyamwitsa pakhonde, a Lameki atakhala pambali panga. Anatsegula pakamwa kuti akuwe. Ine ndinakweza mkono n'kunena kuti, "Lembani, amayi." Analemba, ndipo mzere unagwera pa wadzulo. Mawa lake chimodzimodzi. Anabwerabe kangapo, chifukwa sanali munthu wogonja msanga, mpaka tsiku lina anangoliponya pamoto khala lija n'kufunsa ngati mwana wagona bwino. Ankhoswe sanaitanidwenso.

Mkaka wanga unali utachepa, ndiye kwa kanthawi tinkagawana ntchito ndi Abiti mpaka unabwerera. Liwombo la Eliya linadzaza, masaya anabwerera. Ine ululu unanditengera miyezi, ndipo mpaka lero kukazizira nthiti imeneyi imandikumbutsa. Patapita zaka, zoyezetsa magazi zitafika kufupi, ndinawakoka a Lameki kuti tipite, chifukwa kukayika kwanga kunali kusanafe. Anatipeza tilibe tonse awiri. Pobwerera anangoti, "Tsopano mundipatsa madzi osamba ndi mtima umodzi?" Koma ndikunenetsa, si onse amene anadwala mashingozi nthawi imeneyo anali ngati ine. Ambiri tinawaika m'manda. Inu a lero muli ndi mwayi, zoyezera zilipo, mankhwala alipo, malangizo a kayamwitsidwe alipo. Mukaona matuza, thamangirani kuchipatala, musadikire khala la amayi aakulu.

Mwana wanga wotsiriza amene akuphunzira unamwino anandiuza kuti anthu ophunzira akufufuza tinthu tija timene thupi limapanga lokha, kuti aone ngati angapangire mankhwala a tizilombo ta mtundu umenewu. Ndinamuuza kuti ndidzakhulupirira akadzafika nawo kwa Mwambo kuno. Koma mumtima ndinaseka, chifukwa ine ndinaziona kale pakhonde la chipatala.

Ndi Abiti Jafali tinakanganadi za madzi nditachira, ndipo tinakangana zaka zambiri, mpaka misana inatikana tonse. Sanalowe mpingo wanga, ine sindinalowe mzikiti wawo. Atamwalira, ine ndi Eliya tinapita kumaliro. Eliya, bambo wa ndevu zake ndi ana ake, anakakhala kumbuyo pamodzi ndi alendo. Asiyatu atamuona anatuluka m'nyumba ya siwa, anadutsa pakati pa anthu onse n'kumugwira dzanja.

"Achimwene, mwakhaliranji kuno? Ana a malemu tili uko."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la m'khitchini lija, mwana wanga sananditsogolere. Ndikuthokoza chifukwa cha a Lameki amene anabereka mwana anthu akuwaseka, ndi chifukwa cha mayi amene anavula mpango wake pagulu. Inu amene lero anthu akulemberani mzere n'kumawerenga masiku anu, musataye mtima, ndipo musaleke kupemphera ngakhale pemphero lanu likhale la mawu ochepa. Mpango uja ndikadali nawo m'sutikesi, ndipo Eliya akabwera kudzandiona amapempha kuti awuone. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.